Divider ya pulasitiki yogawa thanki ya nsomba: ndaiyesa pa boesemani yanga yovuta

Chigamulo ndichineneretu kuti amene ali pachangu asavutike kuwerenga zonse: divider imeneyi ndikuipatsa nyenyezi 3 mwa 5. Zomwe analemba papaketi imachitadi, thanki imagawika pawiri ndipo nsomba yovutayo siifikiranso inzake. Koma ngati mukufuna kuigula poganiza kuti ndewu ya ma rainbowfish anu (gulu la nsomba zamitundu yowala lomwe boesemani ilimo) ithera pomwepo, ayi ndithu, ndalamazo bola mugulire nsomba zina zazikazi kapena zomera.

Mupaketi mumabwera chipepala cholimbirako cha pulasitiki chokhala ndi timabowo tambirimbiri, timizati tiwiri togwira m'mbali mwake, timphira tomamatira pagalasi, ndi timakilipu tokolowekera pamwamba pa thanki. Zilipo zakuda, zilipo zoonekera mkati, ine ndinatenga yoonekera. Kapepala ka malangizo kalimo koma kangokhala zithunzi basi, sikanena chilichonse za nsomba, zoti mutsekere iti, kwa nthawi yaitali bwanji, zimenezo muziona nokha.

Thanki yanga ndi ya masentimita 120 m'litali, madzi pafupifupi malita 240. Muli ma boesemani, ma corydoras, tinsomba tokonda kukhala pansi pa thanki, ndi tinsomba tina tating'ono tosavuta. Ma boesemaniwo ndinawagula ali ang'ono, ndipo amene anagulapo ma rainbowfish akudziwa kuti akakhala ang'ono onse amangooneka otuwa, ngakhale wogulitsa sangakuuzeni motsimikiza kuti iyi ndi yaimuna iyi ndi yaikazi. Mtundu wawo umachedwa kutuluka, umatenga miyezi yambiri, nthawi zina kupitirira chaka kuti ufike pachimake. Atakula ndi pomwe zinaoneka kuti zazimuna zachuluka kuposa zazikazi, ndipo imodzi mwa zazimunazo, yaikulu pa zonse, ya msana wotukuka, inadziika yokha kukhala mwini thanki.

Apa ndiimepo pang'ono chifukwa anthu ambiri amagula divider pa chinthu chomwe si ndewu n'komwe. Ma rainbowfish aamuna amadzionetsera, makamaka m'mawa kuwala kukangoyamba. Mukadzuka molawirira n'kukhala patsogolo pa thanki muziona: ziwiri zimayandikana m'mbali ndi m'mbali, zipsepse zonse njoo, za pamsana ziwiri zija ndi ya kumimba, thupi likunjenjemera, kutsogolo buluu uja kuda bii, kumbuyo olenji kuwala ngati wina wayatsa getsi mkati mwake, ndiye pamwamba pa mutu kuchokera kumlomo kukafika pa chipsepse choyamba pamatuluka kamzere kowala komwe kamayaka n'kuzima, kuyaka n'kuzima. Zimazungulirana, kukankhana pang'ono, ina n'kuthawa, mphindi zingapo zatha, zonse zabwerera m'gulu ngati palibe chachitika. Zimenezo zisiyeni. Ndiye kukongola komwe munazigulirako, ndipo yaimuna yomwe ilibe inzake yopikisana nayo simaonetsa mtundu wake wonse.

Nkhanza zenizeni zimaoneka mosiyana. Yovutayo siisiya, imapirikitsa imodzimodzi yomweyo kuyambira m'mawa mpaka getsi kuzima. Yozunzidwayo mumaipeza yaima pakona yapamwamba kuseli kwa hita yotenthetsa madzi kapena paipi ya fyuluta yosefa madzi, zipsepse yapinda, mtundu wafwifwa, nthawi ya chakudya siibwera, ikangoti isuzumire yagundidwa m'nthiti. Mchira umayamba kung'ambika, mamba ena kusupuka. Kwanga inafika pamenepo ndi yaimuna yaing'ono, ndipo yaikazi imodzi nayonso inkasowa popumira chifukwa ma rainbowfish saikira mazira kamodzi n'kupuma ayi, amaikira pang'onopang'ono pafupifupi m'mawa uliwonse kwa masiku ambiri, ndiye yaimuna imangokhalira kulondola yaikazi. Ngati zazikazi zili zochepa, mavuto onse amagwera imodzi.

Kuika divider sikovuta koma si mphindi ziwiri ngati momwe zithunzi zotsatsa zimaonetsera. Mumayeza mkati mwa thanki, osati kunja, galasi lili ndi kunenepa kwake. Mumadula ndi sizasi motsata mzere wa timabowo, ndipo pulasitiki yake imadulika bwino osasweka, pamenepo ndiyamikire. Koma m'mphepete momwe mwadulamo mumatsala timinga takuthwa, muyenera kutipala kaye, apo ayi nsomba yomwe mukufuna kuiteteza ikadzicheka pomwepo. Pansi pamafunika kukwirira mumchenga ndithu mpaka kugunda galasi la pansi. Ngati muli ndi miyala kapena chikuni pakati, konzekani kusuntha zinthu, madzi avunduka, manja anyowa mpaka m'khwapa.

Zabwino zake ndi izi. Tsiku lomwelo kupirikitsana kunatha. Yovutayo ndinaiika mbali yaing'ono, zina zonse mbali yaikulu, ndipo yozunzidwa ija inatsika pakona paja n'kuyamba kudya madzulo omwewo. Mchira wong'ambika umamera wokha madzi akakhala oyera, sipanafunike mankhwala. Chachiwiri, simufunika thanki ina, hita ina, fyuluta ina. Amene anayesapo kukhazikitsa thanki yapadera mwadzidzidzi akudziwa vuto lake, fyuluta yatsopano ilibe mabakiteriya odya ammonia, poizoni wochokera ku zonyansa za nsomba, nsomba yovulala kale mukaiika m'madzi otero mwaionjezera mavuto. Ndi divider nsomba imakhala m'madzi omwewo omwe inazolowera, kutentha komweko, pH (muyezo wa asidi m'madzi) yomweyo. Kwa ine ubwino waukulu ndi umenewu ndipo nyenyezi 3 zija zachokera apa. Komanso poyerekeza ndi timabokosi tolendewera tija toswetsera tinsomba ting'onoting'ono totchedwa ma guppy, divider ili bwino kutali, boesemani yamasentimita 10 kuitsekera m'kabokosi koteroko ndi nkhanza zoposa zomwe mukuthawazo.

Tsopano zodandaula, ndipo zilipo zambiri ndithu.

Timphira tomamatira tija ndi tachabechabe. Poyamba timagwira, koma galasi likangoyamba kuterera ndi ndere timayamba kusiya kamodzikamodzi, ndipo nthawi zonse ndi usiku, kaya chifukwa chiyani. Mumadzuka divider yapendekeka, pambali patseguka mpata wokwana chala, ndipo rainbowfish ndi nsomba yopyapyala m'mbali, mpata wa chala kwa iyo ndi khomo. Choopsa kwambiri si kudutsako koma kukanirira pakati pa pulasitiki ndi galasi. Ine ndinachita kugula timphira tina tokulirapo n'kutsamiritsa mwala pansi mbali zonse ziwiri, ndi pomwe inakhazikika. Kwa chinthu chomwe ntchito yake ndi imodzi yokha, kuima chilili, zimenezi zinandikwiyitsa.

Pansi napo. Ma corydoras amafukula mchenga tsiku lonse, ndi moyo wawo. M'mawa wina ndinapeza imodzi ili mbali ya mkaidi, ikufwenthafwentha mumchenga bwinobwino, pansi pa divider pali kadzenje komwe inadutsira. Zinandiseketsa koma zikusonyeza kuti ngati muli ndi nsomba zapansi, makamaka ma kuhli loach aja otalika, divider iyi kwa izo ndi chokongoletsa chabe.

Pamwamba ndiye chenjerani kwambiri. Ma rainbowfish amadumpha. Divider iyenera kupitirira madzi mpaka kukagunda chivundikiro, ndipo chivundikirocho chikhalepo nthawi zonse. Timakilipu ta pamwamba tomwe amapereka timakweza chivundikiro pang'ono n'kusiya mpata, ndiye mukhoza kuthetsa ndewu koma n'kupeza nsomba pansi itauma. Ine timakiliputo ndinatichotsa.

Madzi kuyenda: timabowo ndi tating'ono moti mphamvu ya fyuluta imathera mbali imodzi. Mbali inayo pamwamba pa madzi pamayamba kamafuta kaja, zinyalala zimaunjikana m'munsi mwa divider, ndipo ngati hita ili mbali imodzi muike thermometer mbali zonse ziwiri muone, mupeza kusiyana. Ndinaonjezera kamwala kotulutsa mpweya m'madzi mbali yopanda fyuluta. Timabowoto timatsekekanso ndi ndere ndi tizidutswa ta chakudya, ndiye burashi yakale yotsukira mano ikhale pafupi.

Koma vuto lalikulu si la pulasitiki ayi, ndi loti divider imalimbana ndi chikhalidwe cha nsombayi. Ma rainbowfish amafuna utali. Si nsomba zokhala paphanga ngati ma cichlid ena omwe mukawapatsa mwala wawo akhutira, izi ndi zothamanga, zimafuna kuchoka kumapeto uku kukafika kumapeto uko mwaliwiro, n'chifukwa chake odziwa amati boesemani isakhale mu thanki yochepera masentimita 120. Ndiye inu mukaika divider, thanki ya 120 ija yasanduka ya 80 ndi ya 40. Gulu lonse mwalipanikiza chifukwa cha nsomba imodzi, ndipo kupanikizana ndi chimodzi mwa zomwe zimayambitsa ndewu yomweyo. Sipanatenge nthawi, yaimuna yachiwiri kukula inaona kuti mpando uli wopanda munthu, inayamba yake, si moopsa ngati yoyamba ija koma inayamba. Matambala akakhala angapo m'khola limodzi, kuchotsa wamkulu sikuthetsa kulira, amalira wotsatira.

Nayo yotsekeredwayo sinakhale bwino. Pakuti divider ndi yoonekera, inkaona anzake mbali inayo ndipo m'mawa uliwonse inkatambasula zipsepse n'kumakwera kutsika m'mbali mwa pulasitiki, kugunditsa mlomo pa timabowo, mpaka pamlomo panayamba kuyera. Zimenezo zinandidetsa nkhawa chifukwa ma rainbowfish sachedwa kugwidwa ndi columnaris, matenda a bakiteriya aja omwe amaoneka ngati kathonje pamlomo kapena pamsana, ndipo amakonda kulowera pabala nsomba ikakhala yopanikizika. Mwamwayi sanali amenewo, kunali kukhulika chabe. Masana inkangoima, mtundu utazilala. Ndi nsomba ya gulu, kukhala yokha kumaipweteka ngakhale ili yovuta. Mwina yakuda ikanathandiza pa nkhani yoonanayi, koma timabowo tilipobe ndiye fungo ndi mthunzi wa anzake izimvabe.

Ndiye chomwe chinathetsa nkhani n'chiyani? Divider inangondipatsa mpata wokonza zinthu zina, ndipo zinthu zinazo ndi zomwe zinagwira ntchito.

Choyamba ndinaonjezera zazikazi, zokulirapo kale zoti ukaziyang'ana ukudziwa kuti iyi ndi yaikazi: thupi lowonda, mtundu wosawala kwambiri, chipsepse choyamba cha pamsana chachifupi, pomwe cha yaimuna chimatalika mpaka kukhudza chachiwiri ikachigoneka. Lamulo lomwe ambiri amatsata ndi loti gulu lisachepere 6, bola 8 kapena 10 ngati malo alipo, ndipo zazikazi zichuluke, ziwiri pa yaimuna iliyonse zimakhala bwino. Chomwe ndaona ine n'choti zazimuna ziwiri zokha ndiye nambala yoipitsitsa, chifukwa yamphamvu imadziwa bwino mdani wake ndipo ndi mmodzi yekha. Zikakhala zingapo ukali umagawikana, ikathamangitsa iyi yaona ina, yasokonezeka, palibe yomwe ikulandira zibakera zonse. Zimamveka zachilendo kuti mankhwala a ndewu ndi kuonjezera nsomba, koma kwa ma rainbowfish ndi choncho, bola fyuluta ikwanitse ndipo zatsopanozo muziyang'anire kaye padera musanaziphatikize.

Chachiwiri zomera zazitali. Vallisneria kumbuyo ndi m'makona, java fern womangirira pachikuni, koma pakati n'kusiya msewu wothamangamo. Cholinga n'choti yothamangitsidwayo ikakhota kamodzi isaonekenso. Rainbowfish si nsomba yosunga mangawa, chomwe sichikuoneka imachiiwala msanga. Mukaganiza bwino vallisneria wothithikana ndi divider yabwino kuposa ya pulasitikiyi, amatchinga maso koma satchinga njira. Ndinaikanso java moss malo awiri otalikirana, chifukwa mazira awo ali ndi timaulusi tomwe timakola pa zomera zoterozo, ndiye yaimuna yamphamvu imakonda kulanda malo oikira mazirawo n'kumathamangitsa aliyense woyandikira. Malo akakhala awiri kapena atatu singawalondere onse.

Chachitatu kadyetsedwe. Ndimawaza chakudya mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, osati pamalo amodzi. Ma rainbowfish ndi adyera komanso achangu, koma kukhosi kwawo n'kochepa poyerekeza ndi momwe amaonekera, ndiye tizakudya ting'onoting'ono tomwazika timapangitsa kuti aliyense atanganidwe ndi kutola m'malo molimbirana chidutswa chimodzi chachikulu.

Kutentha ndinatsitsa pang'ono. Ambiri amasunga boesemani pakati pa madigiri 24 ndi 28, ine ndinali chakumtunda, ndinabwera chapakati, ndipo kwa ine zinaoneka kuti phuma la m'mawa lija linachepako. Madzi ndimasintha sabata iliyonse chifukwa nsombazi sizigwirizana ndi nitrate wochuluka (zoipa zomwe zimaunjikana m'madzi kuchokera ku zonyansa za nsomba), koma dziwani kuti mukangosintha madzi, m'mawa wotsatira chionetsero chimakula, madzi atsopano amaziputa kuswana, chimodzimodzi dzuwa la m'mawa likamawomba pa thanki. Musathamangire divider chifukwa cha zimenezo.

Pochotsa divider ndinasuntha chikuni ndi miyala kuti thanki ioneke yachilendo kwa onse, n'kuichotsa usiku getsi litazima. M'mawa panali kuyezana mphamvu ndithu, zipsepse njoo, kuzungulirana, koma palibe yomwe inabwerera pakona ya hita. Yaikulu ija ikadali bwana mpaka pano, m'mawa imaonetsa mtundu woti ukaona umaiwala zonse zomwe inakuvutitsa.

Kanthu kena kapambali, poti ndaona anthu akugula divider kuti asunge mitundu yosayenerana mu thanki imodzi mpaka kalekale. Dzina loti rainbowfish likuphimba nsomba zosiyana kwambiri, za ku Australia ndi New Guinea. Boesemani, Melanotaenia boesemani, kwawo ndi ku nyanja za Ayamaru kumadzulo kwa chilumba cha New Guinea m'dziko la Indonesia, asayansi anaipatsa dzina mu 1980 polemekeza Marinus Boeseman, katswiri wa nsomba wa ku Netherlands, ndipo kutchire ili m'gulu la nsomba zomwe zili pachiopsezo chotha. Yofiira ija, Glossolepis incisus ya ku nyanja ya Sentani, imakula kuposa boesemani ndipo ndi yaphuma. Praecox, yaing'ono yonyezimira buluu ya ku mtsinje wa Mamberamo, imangofika masentimita 6 kapena kupitirira pang'ono. Ndiye pali threadfin, Iriatherina werneri, kansomba ka masentimita 4 ka zipsepse zazitali ngati ulusi komanso kakamwa kochepetsetsa. Kuika threadfin pamodzi ndi boesemani kapena yofiira ija, ngakhale pasakhale kulumana, kadzafa ndi njala ndi mantha chifukwa chakudya chimatha kasanafike. Chimodzimodzi nsomba zoyenda pang'onopang'ono za michira yaitali, betta kapena ma guppy a michira ikuluikulu. Divider siikonza zimenezo, imangobisa kuti mukufunika mathanki awiri. Komanso mitundu ya Melanotaenia, gulu lomwe muli boesemani ndi praecox, imakwerana yokhayokha mu thanki n'kubereka zosakanizika, ndipo divider ya timabowo simungaidalire pa nkhani imeneyi, tiana tikangoswa timadutsa pa timabowo osaimva n'komwe.

Ndiye ndani agule? Amene ali ndi thanki yaitali, masentimita 120 kupita m'tsogolo, ndipo akufuna chinthu chosunga m'kabati cha tsiku la ngozi, tsiku lomwe wapeza nsomba yang'ambidwa ndipo thanki ina alibe. Imathandizanso pozolowetsa nsomba zatsopano, zakale ndi zatsopano zionane kaye masiku angapo zisanakhudzane. Amene thanki yake ndi ya masentimita 60 kapena 80 ndipo muli ma boesemani akumenyana, musagule, kugawa malo ochepa kale n'kuonjezera moto, pezani thanki yaikulu kapena funsani kusitolo komwe munagula ngati angalandire yovutayo, masitolo ena amalola kusinthanitsa. Ndipo zimachitika ndithu kuti yaimuna ina ndi yoipa mtima basi, mwachita zonse koma siisintha, imeneyo kuipezera kwina n'kwabwino kuposa kuisunga kuseli kwa pulasitiki moyo wake wonse.

Kwa opanga, zomwe ndingapemphe ndi timphira tamphamvu, kamphira kofewa m'mphepete monse kotseka mpata wa pagalasi, ndi timapazi ta pansi tokwirira mumchenga. Atatero ndingaonjezere nyenyezi imodzi. Mukamaliza kuigwiritsa ntchito itsukeni ndi madzi otentha ndi burashi, sopo ayi, iume bwino, ndipo muisunge chogoneka pamalo osalala chifukwa ikakhala chopindika imakhota ndipo ulendo wotsatira siigwiranso galasi bwino.